TABITA WA KU YOPA NDI AMAI A KU NYANJA

Mau olimbikitsa akristu ndi akatekisti

M'buku la Nchito za Apostoli, mutu 9, Luka Woyera asimba za mai wina dzina lace Tabita, amene Agriki anali kumuchula Dorika. Maiyo anali kukhala ku Yopa, mudzi wa pa doko m'mbali mwa nyanja yaikuru ya Mediterranean, kumene ngalawa zinali kukoceza monga zicita ku Monkey Bay. Malembo sanena kuti Tabita analalikira pa bwalo, kapena kuti anayenda maulendo akutali monga Paulo Woyera. Anena kokha kuti anali wophunzira wa Ambuye, ndi kuti masiku ace anathera pa kucita zabwino ndi kuthandiza amphawi. Atadwala namwalira, abale anasambitsa mtembo wace, nauika m'cipinda ca pamwamba, natuma anthu awiri ku Lida kukaitana Petulo Woyera. Petulo pofika anapeza akazi amasiye ali kulira. Ndipo iwo, m'malo momsimbira mbiri yaitali, anamuonetsa malaya ndi zobvala zimene Tabita anasoka akali moyo. Petulo anaturutsa onse, nagwada, napemphera, ndipo Mulungu anambweza maiyo kwa amasiye aja ali wamoyo.

Nkhaniyi iri ndi cinthu codabwitsa. Stefano Woyera, mlaliki wamphamvu, anaponyedwa miyala naikidwa m'manda, ndipo palibe anamuutsa. Yakobo, mmodzi wa Apostoli khumi ndi awiri, anaphedwa ndi lupanga la Herode, ndipo palibe anamuutsa. Koma mai wosoka zobvala m'mudzi wa pa gombe, iyeyo ndiye Mulungu anambweza. Munthu sangathe kuyesa maganizo onse a Mulungu, koma phunziro limodzi lioneka poyera: pamaso pa Mulungu, munthu wokhalitsa pa mudzi, wodziwa khomo liri lonse ndi njala ya nyumba iri yonse, ali wa mtengo wapatali, ndipo mpingo wa pa malo sungaime popanda iye.

MLENDO NDI MAME

Akuru akale anati mlendo ndi mame. Mbiri ya Eklezia m'dziko lino la ku nyanja iwacitira umboni. Ansembe oyamba a Katolika, a cipani ca White Fathers, anafika kwa mfumu Mponda, pa mtsinje wa Shire, pa 28 December 1889, mtsogoleri wao ali Bambo Adolphe Lechaptois. Anatsegula sukulu, nasamala odwala, koma mu June 1891 anacoka nalowera kumpoto, atakhala ngati caka cimodzi ndi theka. Panapita zaka zambiri kufikira 1973, pamene Mangochi inakhala dayosizi pa yokha, Episkopi wace woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. M'zaka zonsezo, ndi kufikira lero, ansembe akhala akufika ndi kucoka monga momwe akuru ao awatumira. Bambo mfumu asinthidwa, mphunzitsi wa sukulu asamutsidwa, namwino apita ku cipatala cina, ndipo bungwe lodza ndi cithandizo lilongedza katundu wace zaka zace zikatha. Wotsala ndiye mai amene anakwatiwa pa mudzipo zaka makumi atatu zapitazo, ndi bambo amene atate ace anaikidwa pa manda a pomwepo. Iwowa ndiwo atsegula chalichi Lamulungu pamene wansembe ali kutali, ndiwo akumba manda, ndiwo adziwa mwana amene waleka sukulu ndi cifukwa cace.

Kuti phunziroli lisakhale mau okha, kuli bwino kuona moyo wa munthu mmodzi wa masiku ano, amene anthu ambiri a kumwera kwa nyanja anamdziwa kapena kumva mbiri yace. Munthu wocoka ku Monkey Bay, nadzera mseu wa ku Golomoti, alowa m'dziko la Angoni a kwa Kachindamoto m'boma la Dedza, kumene kuli Mtakataka ndi misoni yakale ya Mua, imene inayamba m'caka ca 1902. Kumeneko kunali Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anabadwa mu 1958, nalowa ufumu mu 2003, namwalira mu August 2025. Moyo wao unali ndi mbali zitatu zimene mkristu ali yense wa pa mudzi ali nazo, ndizo nchito yolandira malipiro, banja, ndi utumiki wopanda malipiro.

I. NCHITO

Asanakhale mfumu, Amai Kachindamoto anagwira nchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27. Nchito ya mlembi siichuka. Alemba makalata a anthu ena, asunga mapepala kuti asatayike, akumbutsa akuru za misonkhano, alandira alendo pa khomo la ofesi; ndipo nchitoyo ikayenda bwino, woyamikidwa ndi wina. Munthu woona mai ameneyu ali pa tebulo lace caka ndi caka sakadaganiza kuti Mulungu ali kumkonzera cinthu cina. Koma pamene akuru a fuko anawaitana kuti abwerere kwao kukalandira ufumu, anabwera nazo zonse zimene nchitoyo iphunzitsa: kulemba cinthu kuti cisaiwalike, kusunga pangano, kudziwa kulankhula ndi ophunzira ndi osaphunzira omwe. Pambuyo pace, pofuna kuthetsa maukwati a ana, sanakhutire ndi malonjezo a pakamwa pa bwalo, koma anauza mafumu a pansi pao kuti asaine pangano lolembedwa.

Akristu ambiri ayesa kuti Mulungu atumikiridwa m'chalichi mokha, ndi kuti maora a ku nchito ali a dziko lapansi. Maganizo otere ali olakwa. Ambuye Yesu analalikira ngati zaka zitatu, koma zaka za m'mbuyo mwace, pafupi makumi atatu, anakhala ku Nazareti, mudzi wonyozeka, m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Cifukwa cace Papa Pius XII, m'caka ca 1955, anaika tsiku la 1 May kuti likhale cikondwerero ca Yosefe Woyera Wanchito, kuti anchito onse adziwe kuti thukuta lao liri nsembe yolandirika. Kalaliki wa pa boma ku Mangochi wosabisa fayilo ya mai wamasiye pofuna ciphuphu, msodzi wosaponya khoka la maso ang'ono pa nthawi imene cambo ciri kuswana, mai wogulitsa usipa wosapinda pansi pa mbale yoyesera, onsewa ali kupemphera ndi manja ao. Ndipo munthu wosakhulupirika pa nchito ya malipiro asayese kuti adzakhulupirika pa nchito ya mpingo. Wakuba maora a bwana wace adzabanso mtulo wa Mulungu.

II. BANJA

Amai Kachindamoto anali cisiriza m'banja la ana khumi ndi awiri, ndipo iwo eni anabala ana amuna asanu. Pobwerera kwao ndi kuyenda m'midzi, anaona atsikana a zaka khumi ndi ziwiri atabereka makanda kumsana, makandawo ali ao ao, ndi amuna ao nawonso ali anyamata ang'ono. Anthu a m'midzimo anali kuona zimenezi masiku onse osadabwa, popeza cinthu cozolowereka sicilasanso mtima. Koma mai wolera ana ace bwino ali ndi maso ena. Adziwa msinkhu umene mwana ayenera kukhala akusewera ndi kuphunzira, ndipo poona mwana wa mwini ali kusenza katundu wa munthu wamkuru, mtima wace ukana. Apa mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe upeza tanthauzo lace lenileni.

Cikondi ca pa mudzi ciyambira m'nyumba, ndipo pano pafunika cenjezo. Alipo abambo amene sasowa pa msonkhano uli wonse wa mpingo, aimba m'kwaya, akhala m'komiti ya sukulu ndi ya cipatala, koma ana ao agona ndi njala osaona nkhope ya atate ao. Alipo amai oyendera odwala a mudzi wonse, pamene apongozi ao okalamba agona pa mphasa yong'ambika kuseri kwa nyumba. Paulo Woyera, polembera Timoteo za oyenera kusankhidwa kuyang'anira mpingo, anaika patsogolo kuti akhale odziwa kusamala mabanja ao, pakuti wolephera nyumba imodzi sangasamale nyumba ya Mulungu. Tsono wodzipereka ali yense adzifunse madzulo ngati mkazi wace, kapena mwamuna wace, angamcitire umboni umene anthu akunja amcitira.

Banja la ku nyanja liri ndi mayeso ace. Mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu aona kuti usiku umodzi wa pa bwato umpatsa ndalama imene atate ace saipeza pa sabata, ndipo ataya makope. Abambo ambiri a m'boma la Mangochi apita ku Joni kukafuna nchito. Ena atumiza cithandizo mokhulupirika, koma ena akhala zaka osalemba kalata kapena kuimba foni, nasiya mai yekha ndi ana asanu. Mai wotereyo, pakudza munthu wa ndalama kudzafunsira mwana wace wamkazi, aona ngati mlomo umodzi wacoka pa mbale. Wolalikira asafulumire kumweruza asanalowe m'nkhokwe mwace. Koma umphawi, ngakhale ucepetsa mlandu wa kholo, sucotsa coipa cocitikira mwanayo.

III. KUDZIPEREKA

Kufufuza kwa boma kwa m'zaka za 2015 ndi 2016 kunaonetsa kuti mwa akazi 100 ali onse a zaka 20 kufikira 24 m'Malawi, 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Inkosi Kachindamoto analimbana ndi bvuto limeneli m'dziko lao. Anasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pao, nawasainitsa pangano loletsa maukwati a ana ndi kuthetsa amene analipo kale. Mafumu anai amene anapitiriza kubvomereza maukwati otere anaimitsidwa, ndipo anabwezedwa pa mipando yao atakonza colakwaco. Analetsanso mwambo wa kusasa fumbi, umene uononga atsikana ocoka ku cinamwali. Pofika 2016, maukwati oposa 850 anali atathetsedwa m'zaka zitatu, ndipo m'zaka zotsatira ciwerengeroco cinakwera kufika m'zikwi. Makolo ena anakwiya, ena anaopseza kuti adzawapha, koma iwo sanabwerere m'mbuyo. Ana ena osowa ndalama za sukulu anawalipirira ndi za m'thumba mwao, ena anawapezera owathandiza. M'zaka zomwezo lamulo la dziko linasinthanso: mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndipo mu February 2017 inakonza Malamulo Akuru a dziko, nicotsa mpata umene unali kulola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15.

Koma mutu umodzi susenza denga. Mfumu yokhala ku likulu lace singadziwe kuti m'mudzi wakuti mtsikana wakuti sanapite ku sukulu sabata yathunthu, ndi kuti kwa amalume ace kwafika alendo usiku. Odziwa zimenezi anali amai ndi abambo a m'midzimo, amene mfumu inawasankha mwacinsinsi kuti aziyang'anira ana ndi kudza kudzanena. Anthu amenewa maina ao salembedwa m'nyuzipepala. Anali kucita nchitoyi pakati pa anansi ao, amene adzakumana nao mawa pa mjigo ndi pa maliro, ndipo kulimba mtima kotere kuposa kwa mlendo amene adzudzula lero nakwera galimoto madzulo. Iwowa ndiwo a Tabita a ku nyanja, ndipo malaya amene anasoka ndiwo atsikana amene anabvalanso yunifomu ya sukulu.

Eklezia aphunzitsa kuti cimene cipanga ukwati ndi kubvomera kwa mwamuna ndi mkazi eni ace, mwaufuru ndi mozindikira. Makolo, ankhoswe, mfumu, ngakhale wansembe sangabvomere m'malo mwao. Ukwati wokakamiza ndi mantha akuru suli ukwati pamaso pa Mulungu. Malamulo a Eklezia alamulanso abusa kuti aletse acinyamata kulowa m'banja asanafike msinkhu woyenera m'dziko lao. Motero mkristu woteteza mtsikana wamng'ono salimbana ndi ukwati. Ali kulemekeza sakramenti.

Marko Woyera, mutu 5, asimba kuti Ambuye Yesu ali m'mbali mwa nyanja ya Galileya, Yairo, mkuru wa sunagoge, anadza kudzawapempha cifukwa ca mwana wace wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri. Pofika ku nyumba anapeza anthu atayamba kale kulira maliro, ndipo anawaseka Ambuye ponena kuti mwanayo ali m'tulo. Ambuye anamgwira dzanja namuutsa, ndipo pomwepo analamula kuti ampatse cakudya. Lamulo lotsirizali ndilo la akristu a pa mudzi. Kuutsa ndi kwa Mulungu, kuthetsa ukwati woipa ndi kwa mfumu ndi boma, koma kudyetsa asiyira a m'nyumba. Mtsikana wobwerako ku ukwati asowa makope, sopo, yunifomu, ndi munthu womgwirira khanda pamene iye ali m'kalasi. Asowanso wina womuyankhira pamene anzace amseka. Akapanda kupeza zimenezi, adzabwerera kumene anacoka mwezi usanathe, ndipo oseka aja adzati ananena.

ZOYENERA KUCITA M'MAPARISHI

Msonkhano waukuru wa Vatican waciwiri, m'cikalata cace ca pa utumiki wa akristu eni ace ca m'caka ca 1965, unaphunzitsa kuti mkristu ali yense alandira nchito ya utumwi pa ubatizo wace, osadikira kuti wina amtume. M'zaka za m'ma 1970 Maepiskopi a kuno kum'mawa kwa Afrika anakhazikitsa miphakati, kuti Eklezia akhale pakati pa nyumba za anthu. Tsono mphakati uli wonse uyenera kudziwa ana ace ndi maina: angati ali pa sukulu, angati aleka, ndi amene ali pafupi kuleka. Mphakati wodziwa ndalama za m'thumba lace koma wosadziwa ana ace waiwala cimene unakhazikitsidwira.

Akatekisti, amene alemba maina a ofuna ukwati, afunse zaka za mtsikana ndi kuona kalata ya ubatizo kapena citupa, ndipo amfunse iye yekha, makolo ndi ankhoswe ali panja, ngati afunadi. Katekisti woopa kukhumudwitsa banja lomveka akumbukire kuti mafumu anai anataya mipando yao pa mlandu womwewu, ndi kuti iyenso adzayankha kwa Mfumu yoposa Inkosi.

M'midzi yambiri ya m'dayosizi muno akatolika ali ocepa pakati pa anansi ao a Cisilamu ndi a mipingo ina. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu abvutika cimodzimodzi pobala, kaya makolo ace apemphera m'chalichi kaya mu mzikiti. Cotero akuru a mpingo asacite manyazi kukhala pa mphasa imodzi ndi mashehe, anamkungwi ndi anyakwawa pa nkhani ya ana. Petulo atacoka pa nyumba ya Tabita anakhala masiku ambiri ku Yopa komweko, ndipo kunali komweko kumene Mulungu anamuonetsa kuti asayese munthu ali yense wonyansa.

Pomariza, maparishi alemekeze okhalitsa ao akali moyo. Amasiye a ku Yopa anaonetsa malaya Tabita atagona kale, ndipo iwo anacita mwai kumlandiranso. Koma mwai wotere sudza kawiri. Pa nthambi iri yonse ya parishi alipo mai wa Legio ya Maria amene wayendera odwala zaka makumi awiri, ndi bambo amene waphunzitsa katekisimu ana, naphunzitsanso ana a anawo. Anthu otere atopa, ndipo kawiri kawiri atopa okha, cifukwa mpingo wazolowera kuti iwo adzacita. Kuwathokoza kwabwino ndi kuwapatsa wacinyamata woyenda nao, wowanyamulira buku ndi kuphunzira njira za m'midzi, kuti tsiku lakugona iwo nchito isagone nao pamodzi. Naonso okalamba alole kuthandizidwa, pakuti nchitoyo mwini wace ndi Mulungu.

Tsiku liri kudza kwa munthu ali yense pamene anansi adzasonkhana pa khonde lace, ndipo mwini mbumba adzaima kusimba mbiri ya womwalira. Adzachula caka cobadwa, nchito imene anagwira, ndi ana amene wasiya. Koma pamaso pa Mulungu padzaima mboni zina, zonyamula cimene munthuyo anasoka: mwana wamasiye amene anatha sukulu, wodwala amene sanafe yekha, banja limene linayanjanitsidwa. Wopanda mboni zotere asataye mtima, popeza Ambuye alipira ndi anchito olembedwa madzulo omwe. Ayambe sabata ino ndi khomo loyandikana ndi lace.

Mulungu wacifundo apatse Inkosi Theresa Kachindamoto mpumulo wosatha, alimbitse amai ndi abambo amene apitiriza nchito ija m'midzi ya ku nyanja, ndipo mwa mapemphero a Maria Virigo Woyera ndi a Yosefe Woyera apatse mabanja onse a m'dayosizi ya Mangochi caulere ca kumtumikira pa malo pamene anawaika.